Njinga Yakale Ikamazima Mukangobweza Moto: Kachunidwe ka Kabuleta

Honda CG125 yomwe ndimayendera inali ya malume anga, omwe anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri. Itabwera m'manja mwanga inali ndi khalidwe limodzi lokwiyitsa. Mumsewu wa Masauko Chipembere inkathamanga bwinobwino, koma ndikangofika pa laundabauti ya Chichiri n'kubweza moto kuti ndione magalimoto ochokera kumanja, injini inkangoti zii. Kumbuyo minibasi ikuliza hutala, kondakitala akukuwa, ine thukuta kamukamu ndikuponda kiki.

Ndinachita zomwe ambiri amachita: ndinamanga sikuluwu yaikulu ya pambali pa kabuleta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) mpaka injini inayamba kulira mokweza ngati chigayo. Kuzima kunachepadi, koma petulo ankatha msanga ndipo giya yoyamba inkalowa ndi phokoso loti gwa! Makaniko wina wachikulire ku Ndirande ataimva anangopukusa mutu. "Achimwene, apa mwangoiuza kuti izikuwa. Matenda ake simunawaone."

Matendawo ali m'kanjira kakang'ono ka mkati mwa kabuleta. Mukakhala kuti simukupatsa moto, pamene amakaniko amati njinga ili pa idling, chitseko cha mpweya chimakhala chitatsikira pansi, ndipo jeti yaikulu, kabowo kopereka petulo njinga ikamathamanga, imakhala ikupuma. Petulo yense amene akusunga injini yamoyo amadutsa m'kajeti kena kotchedwa pilot jet, kamene bowo lake ndi laling'ono moti kamchenga kamodzi kangathe kulitseka. Kajetika ndi komwe kamalamulira kuyambira pa idling mpaka mutapota moto pang'ono, cha m'ma kota ya moto wonse. Ndiye chifukwa chake njinga imatha kuthamanga bwino pamsewu koma n'kumafa pa maloboti.

Petulo amapsa bwino akasakanizika ndi mpweya pa mlingo wa magawo pafupifupi 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Pa idling injini imafuna petulo wochulukirapo pang'ono kuposa pamenepo. Akachepa kwambiri imazima, akachuluka kwambiri imazimanso. Ntchito yathu ndi kupeza pakati, ndipo chida chachikulu ndi khutu.

Musanakhudze sikuluwu iliyonse

Pano ndi pamene anthu ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pamakhala vuto nthawi zambiri. Sikuluwu yosakaniza mpweya ndi petulo siingachize kajeti kotsekeka kapena labala wong'ambika.

Yambani ndi pulagi. Imasuleni injini itazizira, muyang'ane kunsonga. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma ngati kunsi kwa poto, petulo akuchuluka. Ikakhala yoyera mbee, petulo akuchepa. Mtundu wabwino ndi wofiirira ngati tiyi wamkaka. Pa CG125 mpata wa kunsonga kwa pulagi umakhala 0.6 mpaka 0.7 mm. Pulagi yakalekale ingosinthani, si yodula poyerekeza ndi tsiku lonse lomwe mungataye.

Kenako sefa ya mpweya. Amene timakhala kumene msewu wa phula umathera, monga mkati mwa Machinjiri, Bangwe kapena Chirimba, tikudziwa fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala. Sefa ikadzaza fumbi mpweya umachepa, petulo n'kuoneka ngati wachuluka. Ya siponji muichape, iume, muipake oyilo pang'ono n'kuifinya. Ya pepala musaichape, isintheni. Ndipo musachune kabuleta sefa ili kunja, chifukwa mukadzaibwezera zonse zidzasintha.

Mavavu nawo, titseko tolowetsa petulo ndi kutulutsa utsi mu injini: pa injini ya CG mpata wa matapeti ndi 0.08 mm, woyezedwa injini itaziziratu. Vavu yothina imapangitsa njinga kulira bwino m'mawa koma n'kumazima ikatentha, ndipo ambiri amanamizira kabuleta. Ngati njinga yanu ndi yakale kwambiri ya ma points (tizitsulo tiwiri togundana tolamulira moto wa ku pulagi), onaninso kuti ndi oyera ndipo nthawi ya moto ili m'malo.

Tsopano chinthu chimene chinandizunza ine: kapaipi ka labala kolumikiza kabuleta ndi injini. Pa njinga ya zaka makumi atatu kapena anayi labalayu amauma n'kuchita ming'alu yosaoneka bwino, ndipo injini imayamwa mpweya wakuba umene sunadutse m'kabuleta. Chizindikiro chake n'chakuti mukabweza moto injini imachedwa kutsika, imalendewera m'mwamba, kenako n'kugwa mpaka kuzima. Poyesa, lizani injini, mugwedeze kabuleta pang'ono ndi dzanja. Kulira kukasintha, pali potulukira. Ena amapopera mankhwala otsukira kabuleta pamalumikizirowo n'kumvetsera ngati kulira kusinthe. Njirayi imagwira, koma mankhwalawo amayaka, choncho musapopere pafupi ndi ekizozi yotentha kapena waya wa pulagi. Pa njinga za two-stroke monga Yamaha DT125 ndi AG100, masilo a kulankishafuti (malabala otseka mpweya m'mbali mwa injini) akatha amabweretsa vuto lofananalo, ndipo limenelo ndi la makaniko.

Chomaliza ndi kajeti kaja. Tsekani kampopi ka petulo, masulani kasikuluwu ka pansi pa kambale ka kabuleta, mukhetsere petulo m'botolo loonekera mkati. Mukaona timadontho ta madzi pansi kapena dzimbiri, musadabwe. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino linayamba kusakaniza motere mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, makamaka njinga ikakhala milungu ingapo osayenda, komanso amalimbitsa kapena kufufumitsa malabala akale amene sanapangidwire mafuta otere. Onjezerani apo petulo wa m'zigubu amene tonse tinagulapo mafuta atasowa, wothiridwa ndi fanulo yomwe yagona pafumbi. Chotsani kambaleko, masulani kajeti kakang'ono, kaloze kudzuwa. Ngati simukuona kabowo kozungulira bwino, katsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta n'kukapopera mpweya. Singano kapena waya wachitsulo ayi: kajetika ndi ka mkuwa wofewa, ndipo mukakulitsa bowo basi mwakaononga. Zikavuta, kachingwe kamodzi kofewa ka mkati mwa waya wamagetsi n'kokwanira. Muli momwemo onani kuti fuloti, kachinthu koyandama kotseka petulo kambale kakadzaza, siinabooke ndipo ikuyenda momasuka.

Dziwani masikuluwu anu awiri

Pa kabuleta pali masikuluwu awiri ochunira, ndipo kuwasokoneza ndi kumene kunandilowetsa m'mavuto.

Yoyamba ndi ya idling. Nthawi zambiri ndi yaikulupo, ili ndi sipuling'i yooneka, ndipo imalasa pakati pa thupi la kabuleta pomwe chitseko chimatsikira. Imangokweza kapena kutsitsa chitsekocho. Mukamanga, injini ikwera, mukamasula, itsika. Siisakaniza kanthu.

Yachiwiri ndi yaing'ono, ya mkuwa, kawirikawiri yobisala m'kabowo. Iyi ndiye yosakaniza. Koma ilipo mitundu iwiri, ndipo imagwira ntchito mosemphana. Onani pamene yakhala. Ikakhala mbali ya sefa ya mpweya, kumbuyo kwa chitseko, ndi sikuluwu ya mpweya: kumasula ndi kuwonjezera mpweya, kumanga ndi kuchepetsa mpweya, ndiye kuti petulo achuluka. Ikakhala mbali ya injini, nthawi zambiri pansi, kutsogolo kwa kambale, ndi sikuluwu ya petulo: kumasula ndi kuwonjezera petulo, kumanga ndi kumuchepetsa. Makabuleta a Mikuni a pa njinga za two-stroke za Yamaha ndi Suzuki amakhala ndi ya mpweya. Ma Keihin ambiri a pa Honda za four-stroke, ndi makabuleta owatengera omwe ali pa njinga zambiri za kabaza, amakhala ndi ya petulo. Amene muli ndi BSA kapena Triumph ya agogo yokhala ndi kabuleta ya Amal Concentric, yanu ndi ya mpweya ngakhale ili pafupi ndi mbali ya injini, choncho pa Amal musatsatire za malo zija.

Kuchuna kwenikweni

Mufunika sikuludalaiva yaing'ono yafulati yokwana bwino m'mutu wa sikuluwu, cholembera ndi kapepala. Ya petulo ija imakhala pamalo opanikizika pafupi ndi injini yotentha, ndiye sikuludalaiva yaifupi kwambiri imathandiza. Ine ndinachita kudula yakale. Chitirani panja, osati m'chipinda chotseka, chifukwa utsi wa ekizozi umapha mwakachetechete. Mbaula ndi ndudu zikhale kutali.

1. Injini ili chizimire, werengani pamene sikuluwu yosakaniza ili panopa. Ikani kachizindikiro pa chogwirira cha sikuludalaiva, muzimanga pang'onopang'ono mukuwerenga kuzungulira kwake: theka, kamodzi, kamodzi ndi theka, mpaka mutamva kuti yafika. Ikangogunda, lekani. Nsonga yake ndi yosongoka ngati singano, ndipo mukaikakamiza imapindika kapena kuthyokera mkati, kabuleta yonse n'kukhala yotaya. Lembani nambalayo. Zikasokonekera muli ndi pobwerera.

2. Masulani kufika poyambira. Ngati buku la njinga yanu lilipo, tsatirani nambala yake. Ngati palibe, yambirani kamodzi ndi theka pa sikuluwu ya mpweya, kapena kawiri pa ya petulo. Awa ndi malo oyambira chabe.

3. Tenthetsani injini poyenda nayo, osati poimika pakhomo. Mphindi 10 kapena 15 zikwanira; kuchoka ku Ginnery Corner kukafika ku Limbe n'kubwerako ndi muyeso wabwino. Choki, chothandizira kuliza injini yozizira, chikhale chosakoka n'komwe. Kuchuna injini yozizira ndi kudzinamiza, chifukwa yozizira imafuna petulo wambiri, ndipo ikadzatentha mudzapeza kuti mwamuchulutsa.

4. Imikani njinga chilili pa sitandi yapakati, pamalo osapendekeka, giya ili fili. Pa sitandi yam'mbali petulo wa m'kambale amapendekera mbali imodzi. Mangani sikuluwu ya idling pang'ono kuti injini ilire mokwererapo, mongokwanira kuti isazime muli mkati mochuna. Musakweze kwambiri, chifukwa mukatero singano ya pakati, yolendewera pansi pa chitseko, iyamba kupereka petulo ndipo sikuluwu yaing'ono ija simudzaimva.

5. Apa ndiye pagona nkhani. Mangani sikuluwu yosakaniza kota imodzi, muchotse dzanja, muwerenge mpaka 10 kapena 15. Injini siyankha nthawi yomweyo. Ambiri amapotokola uku ndi uku mofulumira n'kumati sikuluwu siikugwira ntchito. Mvetserani. Yakwera kapena yatsika? Pitirizani mbali yomweyo, kota ndi kota, mpaka injini iyambe kutsika ndi kudzandira. Lembani pamenepo. Tsopano bwererani, muzimasula kota ndi kota. Mudzamva ikukwera, ikusalala, kenako n'kufika pamene ikulira mofulumira komanso mofanana, ngati makina osokera a telala waluso. Musaime. Pitirirani mpaka iyambenso kutsika mbali inayo, mulembenso. Malo abwino ali pakati pa nambala ziwirizo, pamene kulira kunali pamwamba kwambiri.

Pa njinga yanga inayamba kudzandira pa kamodzi ndi kota, inayambanso kulemera pa katatu, ndipo inkasangalala cha pa kawiri ndi kota. Yanu idzanena zake.

Mukapeza pamwambapo, sunthirani pang'ono kwambiri, theka la kota, kumbali ya petulo wochuluka. Injini yoziziritsidwa ndi mphepo imakonda choncho: siitentha kwambiri, imalira msanga m'mawa wa chiperoni mu Juni ndi Julayi, ndipo siitsamwa mukapatsa moto mwadzidzidzi.

Musatenge nthawi yaitali. Injini zimenezi zimazizira ndi mphepo ya pamsewu, ndiye ikalira chiimire kwa mphindi zoposa zisanu kapena kuposerapo pang'ono dzuwa la Okutobala lili pamutu, imatentha mopitirira ndipo zomwe mukumva sizikhalanso zoona. Izimitseni ipume, kapena yendani nayo pang'ono mubwerenso.

6. Tsopano bwererani ku sikuluwu ya idling, muimasule mpaka kulira kutsike kufika pabwino. Njinga zazing'ono za silinda imodzi zimakhala bwino injini ikamazungulira pakati pa maulendo 1,200 ndi 1,500 pa mphindi. Zikuluzikulu zakale za ku Britain zimatsika kuposa apo. Ngati mulibe geji yowerenga kuzungulirako, tsitsani mpaka iyambe kugwedezeka ngati izima, kenako kwezani pang'ono mpaka ikhazikike. Pali anyamata amene amakonda kuitsitsa kwambiri kuti izimveka du, du, du ngati mtondo. Zimamveka bwino, koma pa liwiro lotero pampu ya oyilo siikankha mokwanira kumutu kwa injini, ndipo batire silandira moto. Mukatsitsa kwambiri kuchokera pomwe munali, bwerezaninso gawo lachisanu mwachidule, chifukwa malo abwino amatha kusuntha pang'ono.

7. Yesani. Patsani moto mwachangu n'kusiya. Injini yochunidwa bwino imakwera nthawi yomweyo, n'kubwerera pa idling mosachedwa, n'kukhazikika. Ikachedwa kutsika, kapena ikatsamwa kuti bwoo isanakwere, kapena ekizozi ikamaphulika phaphapha mukabweza moto potsetsereka, petulo akuchepa: muwonjezereni theka la kota. Ikatsika kupitirira idling ngati ikufa kenako n'kudzuka, kapena ikamanunkha petulo wosapsa n'kutulutsa utsi wakuda, wachuluka: chepetsani. Chizindikiro china chosavuta: njinga imene imalira m'mawa wozizira popanda choki n'komwe, koma n'kumavuta ikatentha, ili ndi petulo wambiri.

Kenako, injini ikulira, tembenuzani chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto. Kulira kukakwera, waya wa moto ndi wothina kapena wadutsa polakwika. Chogwirira cha moto chizikhala ndi kampata ka 2 mpaka 6 mm chisanayambe kukoka. Ichi musachinyozere, chifukwa njinga yodzipatsa moto yokha pokhota pakati pa anthu mumsika wa Limbe ndi ngozi.

Mayeso enieni ndi pamsewu. Thamangani pang'ono, gwirani kilachi ndi mabuleki nthawi imodzi ngati mwana wadutsa kutsogolo, muone ngati ikhala yamoyo. Yatsaninso nyali yakutsogolo ili pa idling, chifukwa pa njinga zina nyali imalemetsa injini moti imatsika pang'ono.

Sikuluwu ikakana kuyankha

Nambala zomwe munalemba zija zimanena zambiri. Mukamanga sikuluwu ya petulo mpaka kufika koma injini osazima, ndiye kuti petulo akulowera kwina: fuloti yakwera, kasingano kake sikakutseka, kapena choki sichikubwerera bwino. Ngati ikufuna kumasulidwa kupitirira katatu kuti injini ilire bwino, kajeti kakadali kotsekeka pang'ono, kapena pali mpweya wakuba, kapena kajetiko n'kakang'ono. Musayende ndi sikuluwu yomasuka chotero, chifukwa sipuling'i siikugwiranso ndipo idzagwera mumsewu wa mabampu. Pa sikuluwu ya mpweya n'chimodzimodzi motembenuza: ikafuna kupitirira kawiri ndi theka, kajeti n'kakakulu, ikafuna kuchepera kamodzi, n'kakang'ono kapena n'kotsekeka.

Mukaichotseratu sikuluwu ya petulo, samalani. Mkati muli sipuling'i, kawashala ndi kamphete ka labala, tinthu tating'ono ngati mapira. Timabwerera motere: sipuling'i iyambe kuvekedwa pa sikuluwu, kenako kawashala, kamphete pomaliza. Kamphete kakale kamakonda kutsalira mkati, munthu n'kuikanso kena pamwamba pake. Yalani nsalu yoyera pansi musanayambe.

Palinso kabuleta yoti yatha basi. Chitseko chikamagwedera m'nyumba mwake, mpweya umadutsa m'mbali ndipo idling imasinthasintha tsiku lililonse. Ma Amal akale amadziwika ndi vuto limeneli. Pamenepo kuchuna kulibe phindu.

Za mapiri athu

Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo Limbe ndi Bangwe zili pamwamba kuposa apo. Pamtunda wotere mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Nambala za m'buku la njinga zinalembedwera malo otsika, choncho musadabwe njinga yanu ikafuna petulo wocheperako kuno. Ethanol amakokera mbali ina, chifukwa iye amafuna mpweya wochepa kuti apse, magawo pafupifupi 9 okha, ndiye petulo wosakaniza amakhala ngati wachepa m'kabuleta yakale. Ziwirizi zimalimbana, ndipo palibe nambala imodzi imene ndingakupatseni yoti igwire pa njinga iliyonse.

Mukatsika phiri la ku Thabwa kupita ku Chikwawa ndi Nchalo, mpweya umalemera, ngakhale kutentha kwa kuchigwa kumabwezako pang'ono. Njinga yochunidwa mouma kwambiri ku Blantyre ikhoza kuyamba kuphulikaphulika ndi kutentha kumeneko. Mukakwera phiri la Zomba zimatembenuka: imalemera, idling n'kutsika. Pa ulendo wa tsiku limodzi sindikhudza kanthu, theka la kota lija limandisunga. Koma ndikapita kukakhala sabata kwa achibale ku Nchalo, ndimaika kasikuludalaiva kanga kodula kaja m'thumba, ndipo kapepala ka nambala kali pansi pa mpando, kokulungidwa m'pulasitiki.